Madzi amene ndinagoneka m'bafa la amayi

Anthu a kwathu ku Zemba amaidziwa bwino ntchito imene ndinkagwira ku Joni. Amaidziwa kuposa mwini wakene. Mukaima pamjigo n'kufunsa, akuuzani zonse kuyambira kumutu mpaka kumchira, chonsecho palibe ndi mmodzi yemwe mwa iwo amene anaolokapo pa Chirundu. Ine amene ndinapitako, amene zikhadabo zinadyeka ndi simenti, palibe anabwera kudzandifunsa. Basi ndinena ndekha. Wofuna kumva amve, wosafuna apitirize kupopa madzi.

Ndinachoka banja litatha. Mwamuna ananyamula njinga ndi wailesi yake n'kubwerera kwawo, ine n'kutsala ndi munda wa thonje umene chaka chimenecho unandilipira ndi msana wowawa basi. Koma chimene chinandichotsa pamudzi si mwamuna ayi, amuna amapita. Tsiku lina mvula ikugwa ndinalowa m'kanyumba kaudzu ka amayi, ndipo ndinawapeza atanyonyomala pakona, mphasa ataipinda pamiyendo, pansi ponse pali mapoto ndi mbale zotchera madontho.

"Lowa, koma usagunde mapoto angawo, ali pa ntchito," anatero akuseka.

Ine sindinaseke. Ndinalumbira mumtima kuti mayi ameneyu asanafe adzagona m'nyumba yosadontha.

Tsiku lonyamuka anandiperekeza mpaka pamsewu atavala bulauzi yoyera ndi duku la chigwirizano, chifukwa linali tsiku la msonkhano wa amayi kutchalitchi. Anandipatsa nsawa zokazinga zomanga m'kansalu, n'kundiuza mawu amodzi okha: "Kumene ukupitako ukakumbuke kuti unabatizidwa." Ndinakwera minibasi mpaka ku boma, ina mpaka ku Chipata, kenako mabasi akuluakulu aja amene munthu umakwera miyendo ili yako n'kukatsika itatupa ngati ya wina.

Ku Joni ndinafikira m'nyumba ina yosanja yakalekale pakati pa tauni, momwe chipinda chimodzi tinkachigawa ndi makatani. Kuseri kwa katani langa kunkagona Esinati, mayi wa ku Dedza amene ankachapa ndi kusita kwa azungu. Nyengo yozizira tinkaphatikiza mabulangete n'kugona pamodzi, ndipo m'mawa uliwonse ankandinena kuti ndimaliza mkonono ngati chigayo cha dizilo. Ndi Esinati amene anandiphunzitsa kuyenda m'tauni imeneija: osayang'ana wapolisi m'maso, osayankha foni pamsewu, osalankhula m'minibasi kuopa kuti lilime likuulula kuti ndiwe wobwera.

Ntchito yoyamba inali yosesa ndi kututa zigumukire pa hotela ina imene ankaikonza. Tsiku lina ndowa yodzaza zidutswa za matailosi inandigwera pachala chaphazi, ndipo ndinatukwana m'Chichewa mawu amene sindingawabwereze pano. Ndinangomva munthu akuseka m'bafa. Anatulukira mkulu wina wamfupi, wa imvi, maondo atamanga masiponji.

"Mayi, kutukwana kumeneko n'kwa kwathu. Ndinu a kuti?"

"Ku Chadiza."

"Ah, ndiye ndinu a kuseri kwa phiri. Ine ndine Kaitano wa ku Angoniya. Siyani ndowayo, bwerani mudzandigwirire ichi."

Ndi mmene ndinalowera m'bafa, ndipo sindinatulukemonso kwa zaka zonse zimene ndinakhala kumeneko. A Kaitano anali mmisiri wotseka madzi. Bafa la pamwamba likayamba kudonthera anthu a pansi, ankaitana iwo. Tsiku loyamba lomwe anandifunsa kuti chimene chimagwira madzi m'bafa n'chiyani. Ndinati matailosi, nanga si osalala ngati mbale.

"Ndi mmene amaganizira aliyense, ndipo ndi chifukwa chake ine sindigona ndi njala," anatero. "Matailosi ndi malaya, mwana wanga. Mvula ikakugwera malaya amanyowa, chimene chimakusunga ndi khungu. Ife ntchito yathu ndi khungu."

Khungulo linali utoto wokhuthala ngati phala, womwe ukauma umakhala ngati mphira. Koma usanafike poupaka, pamakhala ntchito imene imathawitsa anthu. Ugumule matailosi onse, upale zomatira zakale mpaka konkire aonekere, usese, upukute, ufufuze ming'alu ndi chala. Malo oipa ndi awiri nthawi zonse: pakona pamene pansi pakumana ndi khoma, ndi pakamwa pa paipi yotulutsa madzi. Ukatseka ming'alu udikire paume. Upake koyamba, ugoneke kansalu konga ukonde m'makona monse, udikire. Upakenso mopingasa, kukweza mpaka m'khoma, udikirenso. Ine ndinabadwa wopupuluma, ndipo a Kaitano ankandigwira dzanja bulashi ili m'mwamba, amvekere, "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Chomaliza ndi chimene iwo ankachitcha kugoneka madzi. Umatseka paipi, kudzaza madzi pansi pa bafa mpaka afike m'kakolo, kulemba mzere pakhoma pamene alekezera, n'kutseka chitseko. Madziwo agone mmenemo, wina asawakhudze. Ukabweranso n'kupeza ali pamzere pomwepo, ika matailosi ako mtima uli m'malo. Ukapeza atsika, usadzinamize, gumula uyambirenso. "Bwana ukhoza kumunamiza, ngakhale m'busa ukhoza kumunamiza," ankatero a Kaitano, "koma madzi salandira chiphuphu."

Sindinena kuti zinali zokoma. Maondo anga anada n'kukhakhala ngati a ngamila. Fungo la mankhwala linkandikhala pammero mpaka chakudya kumamveka utoto. Amuna a pa ntchito poyamba ankandiseka, kenako ataona kuti sindichoka anayamba kundigwiragwira podutsana m'makonde, mpaka tsiku limene ndinamenya wina ndi chopakira simenti pamsana pa dzanja. Kuyambira pamenepo ankandipatsa njira. Kapitawo wina anandiuza kuti ndiike matailosi tsiku lomwelo utoto usanaume, ati mwini nyumba akufulumira. Ndinakana. Anandiuza kuti akazi a kwathu ali mbwee pageti ofuna ntchito. Ndinati apite akawatenge, ndipo ndinatsuka bulashi yanga pamaso pake mosafulumira n'kutuluka. Kaya bafa limenelo linadontha kaya silinadonthe, sindikudziwa, koma dzanja langa mulibe.

Inafikanso nyengo ija imene eni dziko anayamba kusaka obwera m'misewu. Ine, Esinati ndi a Kaitano tinabisala m'nyumba ina imene tinkaikonza, yopanda mawindo, tikudya buledi ndi madzi a shuga. Kunja kunkamveka phokoso ndi utsi wa matayala. Esinati ankalira kuti akufuna kwawo. A Kaitano anangotenga nyundo n'kuyamba kugumula bafa la m'nyumbamo, ati popeza tili momwemo, ntchito iziyenda. Tinagumula tonse atatu, Esinati akulira uku akututa zidutswa, ndipo mantha anachepa.

Tsopano ndinene za zithunzi, chifukwa ndi pamene panagona nkhani. Bafa likatha, matailosi ali phuliphuli, magalasi atapukutidwa, mtima wanga unkadzaza. Ndinkavula ovolosi, kusamba kumaso, kuvala bulauzi yabwino imene ndinkayenda nayo m'chikwama, n'kudzijambula pagalasi la m'bafamo. Nanga amayi anga ndiwatumizire chithunzi ndili mbuu ngati chinyau? Ndinkafuna aone kuti mwana wawo ali bwino ndipo manja ake akutulutsa zinthu zokongola. Zithunzizo ndinkatumiza pa foni ya mlongo wanga wamkulu, a Gidiyoni, chifukwa amayi analibe foni. Mwezi uno bafa la hotela iyi, mwezi wamawa la hotela ina, kenako la m'nyumba ya munthu wolemera. Pansi pake ndinkalemba kuti, onani ntchito yanga.

Ndalama nazonso zinkapita kwa a Gidiyoni omwewo, ndipo pamenepo sindiwanamizira, nyumba anamanga. Ndinkaiona ikukwera pa foni, njerwa zowotcha, malata, mawindo a magalasi. Ndinalamula kuti mukhale bafa lamkati, loyandikana ndi chipinda cha amayi, kuti asamayende m'matope ndi ndowa pa ukalamba wawo. Ndinawauza a Gidiyoni kuti asanaike matailosi apake mankhwala otseka madzi, ndipo dzina lake ndinawatchulira.

"Iwe, mmisiri wake ndi wa ku Chipata, akudziwa," anandiyankha choncho. "Zako n'kutumiza."

Zaka zinapita. Esinati anabwerera ku Dedza. A Kaitano maondo anawathera, moti pokwera masitepe ankachita kukwawa, ndipo ana awo anabwera kudzawatenga. Anandisiyira nyundo ndi tchizulo. Nditatsala ndekha ndinaona kuti dziko la eni landikwana. Ndinagula zidebe ziwiri za utoto uja kuti mwina kwathu ndikapeza nazo maganyu, n'kukwera basi.

Ndinafika nthawi ya chilimwe, dzuwa likuswa mtengo. Nyumba ndinaionera patali, malata akuwala, ndipo misozi inalengeza. Pakhonde panali a Gidiyoni ndi akazi awo a Nambewe, amene anawatenga chitengwa ine ndili kunja. Tinalonjerana. Ndinafunsa kuti amayi ali m'chipinda chiti. Anayang'anana. A Nambewe analoza ndi mlomo kuseri.

Kanyumba kaudzu kaja kanali pomwepo, katapendekeka kuposa kale, ndipo amayi anali pakhomo pake akusenda nsawa. Anandilandira, anandigwira manja, anathokoza Mulungu kuti ndabwera wamoyo. Koma maso awo ankandizemba. Nditasuzumira mkati ndinaona mphasa yawo, bulangete, ndi mapoto aja ali pakona kudikira dzinja.

"Amayi, n'chiyani chimenechi? Nyumba ndinamangira ndani?"

"Ndinagonamo," anatero motsitsa mawu. "Koma nyumba ija imalira, mwanawe. Ine m'nyumba yolira sindilowamo."

Ndinapita kukaona. M'chipinda cha amayi, khoma logundana ndi bafa linali lakuda kuyambira pansi mpaka m'chiuno, utoto utatukusira, pulasitala akuyoyoka, ndipo ukaligwira dzanja linkanyowa ngakhale kunja kunali kopanda ndi mtambo womwe. Fungo la nkhungu linali guu. Ndinalowa m'bafamo. Paipi ya shawa inali lende pamwamba, youma, chifukwa thanki sanaike, anthu ankasambira ndowa ndipo a Nambewe ankachapiramonso. Ndinagogoda matailosi ndi chala, akulira ngati ng'oma. Ndinaseka, chifukwa matenda amenewa ndinali nditawachiza kosawerengeka.

Koma kuseka kunatha m'mawa mwake pamjigo. Nditangotula ndowa, mayi wina amene tinavinidwa limodzi ananena mokweza kuti anzake amve: "Patukani, apope kaye alendo a m'mahotela." Onse anaseka chogwira pakamwa. Nditabwerera ndinawapanikiza a Nambewe kukhitchini mpaka anandiuza.

"Alamu, musandide ine. Zithunzi zija anthu anaziona. Mkazi ali yekha, wadzola, lero hotela iyi, mawa hotela ina, n'kumalemba kuti onani ntchito yanga. Anthu anati ntchito yake taiona. Ndiye khoma litayamba kutuluka madzi m'chilimwe, anati ndi misozi, nyumba yomangira ndalama zauve siuma. A kutchalitchi kwathu anabwera kudzapempherera, anadzoza mafuta, koma silinasiye. Amayi anatuluka tsiku limene anzawo a chigwirizano anabwera kudzaliona."

Ndinamva ngati wina wandithira madzi otentha pamsana. Zaka zonse zija ndikukwawa m'mabafa a eni, maondo kutha, kumenya amuna kuti asandigwire, kwathu kuno ndinali hule. Ndipo mayi anga, amene anandiuza kuti ndikakumbuke ubatizo, anakhulupirira khoma kusiya ine. Zinandiwawa, ndipo mpaka lero ndikakumbuka zimandiwawa. Koma kupepesa sindinapepese kwa munthu, ndipo zithunzizo zikadali mu foni yanga.

A Gidiyoni anali ndi nzeru zawo. Anati agula matailosi ena amate khoma lonselo la kuchipinda kuti chinyezi chisaoneke, kenako tiitane abusa a amayi adzadalitse, nkhani ithe.

"Achimwene, chilonda samatira nsalu yokongola. Madzi saiwala khwawa, akatulukira pena."

"Ndiye ukufuna kutani?"

Ndinavala ovolosi yanga ya ku Joni, kumanga masiponji m'maondo, kutenga nyundo ya a Kaitano n'kulowa m'bafa. Nditamenya kamodzi, a Gidiyoni anathamangira pakhomo.

"Wapenga kodi? Matailosi odula amenewo! Ndikuletsa monga mwini mbumba!"

"Mbumba ndi yanu, koma bafa ndi langa," ndinatero, n'kumenyanso.

Pansi pa matailosi panali monga ndinaganizira. Anangowamata pa konkire wosapaka kanthu, pakona panali mng'alu wolowa chala, ndipo pansi m'malo motsetserekera kupaipi panatsetserekera kukhoma la amayi. Ndowa iliyonse imene munthu anasamba mmenemo, theka linkapita kuchipinda. Ndinaletsa aliyense kusambiramo. A Nambewe anabwerera kubafa laudzu akung'ung'udza, ndipo ine ndinatsegula mawindo onse kuti dzuwa la chilimwe ligwire ntchito yake.

Anthu anayamba kudutsa pakhomo pathu ngati pali njira ya kuchigayo. Ankasuzumira pawindo kuona mkazi ali chogwada, mutu uli mbuu, akupala konkire. Ena ankati akufukula zimene anakwirira. Ine ndinkangoimba nyimbo za ku Angoniya zimene anandiphunzitsa a Kaitano. Ndinatseka ming'alu, ndinakonza kutsetsereka kuti madzi azithamangira kupaipi, ndinadikira. Ndinapaka koyamba, kugoneka kansalu m'makona, kudikira, kupakanso mopingasa. Masiku onsewo amayi sanaponde pakhonde. Ankakhala pakhomo pa kanyumba kawo atandifulatira pang'ono, koma ndinkadziwa kuti khutu lili kuno. Kumwamba mitambo inali itayamba kusonkhana masana n'kubalalika madzulo, ndipo ndinkadziwa kuti mvula yoyamba ikawapeza m'kanyumba kaja, ulendo wanga wonse wa ku Joni unali wopita pachabe.

Utoto utauma inafika nthawi yogoneka madzi. Chotsekera paipi ndinalibe, ndiye ndinatenga chitsononkho, kuchikulunga ndi mphira ya tchubu cha njinga n'kuchikhomera mpaka chinagwira. Madzi ndinakatunga ndekha. Khosi langa linali litaiwala ndowa, moti ndinkayenda ndikunjenjemera, madzi akutayikira kumaso, amayi a pamjigo akuombera m'manja monyoza. Ndinabwereza maulendo mpaka pansi pa bafa panadzaza kufika m'kakolo. Ndinalemba mzere ndi khala, ndipo ndinaitana a Gidiyoni ndi akazi awo.

"Madzi awa agona muno. Akakhala pamzerewu, khoma lili louma, mudziwe kuti nyumba sinkalira, inkangodontha. Wina asawakhudze."

"Nanga akatsika?" anafunsa a Gidiyoni.

"Satsika."

Kutacha ndinapeza atsika ndi zala ziwiri.

Ndinalowa m'bafamo. Ndinagwira chitsononkho, chinali cholimba. Ndinapita kunja kumene paipi imatulukira, dothi linali louma. Ndinayang'ana m'makona, sindinaone polakwika. A Gidiyoni anabwera, anayang'ana mzere, anayang'ana ine, n'kutuluka. Dzuwa lisanafike pamutu mudzi wonse unali utamva kuti nyumba yamwa madzi.

Ndinakatunganso. Ulendo uno pamjigo sanaseke, anangondipatsa mpata mwakachetechete ngati mmene amachitira ndi wamisala. Ndinadzazanso mpaka pamzere. M'mawa mwake anali atatsika kuposa dzulo.

Pamenepo ndinakhala pansi m'khonde lamkati, nyundo ili pamiyendo. Lamulo la a Kaitano ndinkalidziwa: usadzinamize, gumula uyambirenso. Koma utoto wotsala sukanakwana kupakanso bafa lonse, ndipo kuno sugulitsidwa pa kantini. Ndinena zoona, kwa kanthawi ndinaganiza zokwera minibasi n'kuwasiyira nyumba yawo yolirayo. Kenako mkwiyo unandibwerera. Ndinati ntchito iyi ndaigwira m'nyumba zosanja za ku Joni, singandikanike pa Zemba. Ndinadzazanso kachitatu, ndipo ndinatsimikiza kuti ndikagumula, ndigumula nditaona ndi maso anga kumene madziwo akupita.

Ndinadzuka kum'mawa kukuyera, nkhuku zikutsika. Ndisanafike pabafa ndinamva kaphokoso, khapu, khapu. Chitseko chinali chotsegula pang'ono. Nditasuzumira ndinaona msana wopindika, duku, ndi dzanja likutunga ndi chikho kuthira m'kandowa.

"Amayi!"

Chikho chinagwera m'madzi. Anatembenuka pang'onopang'ono, ndipo m'malo mochita manyazi anandikalipira.

"Ukufuna kundipha ndi mtima? Munthu amabwera choncho?"

"Ndinu mukutunga madzi anga?"

"Ako ati? Madzi onsewa angogona pano pachabe, nkhuku zikuyasamula ndi ludzu, mbewu zanga za tomato zikufota kuseriku? Ndinakuona ukusenza, khosi likugwedera ngati la mwana. Madzi osenza pamutu satayidwa, iwe. Kaya ku Joni mumatero, kuno ayi."

"Ndinanena kuti wina asawakhudze!"

"Unauza a Gidiyoni ndi akazi awo. Ine unandiuza?"

Zinali zoona, sindinawauze, nanga munthu wolumbira kuti salowa m'nyumba ndikanamuletsa chiyani za mkati? Ndinafuna kukuwa, ndinafuna kuseka, zonse zinandikanika. Ndinangotsamira chitseko. Kenako chinthu china chinandifika m'mutu.

"Amayi, ndiye kuti mwakhala mukulowa. M'nyumba yolira."

"Ndimalowera madzi, sindilowera nyumba," anayankha msanga, akukonza duku.

Madzi anali akugwederabe chifukwa cha chikho chija. Ndiye amayi analankhula osandiyang'ana.

"Khomalo ndimaligwira ndikamatuluka. Dzana ndinaligwira, dzulo ndinaligwira. Madzi ali tho mbali ino, mbali inayo kuli gwa." Kenako anandiyang'ana. "Tandionetsa maondo akowo."

Ndinakweza chitenje. Anawerama, anagwira zikhakha zakuda zija ndi chala chawo, anazisisita ngati mmene amayesera nsawa ngati zauma. Ankawadziwa maondo ogwada, iwonso ali nawo a kumunda ndi a kutchalitchi. Sanapepese, amayi anga sapepesa, ndipo ine ndinatengera iwo. Anangopuma mozama n'kunena kuti, "Amenewa si a m'hotela."

"Ndi a m'hotela, amayi. A m'bafa la hotela."

Anaseka pang'ono, misozi ili m'maso, n'kundifunsa kuti madziwo ayenera kugona mpaka liti. Ndinati mpaka nditakhutira, ndipo pasapezeke ngakhale nkhuku yomwapo. Anatenga kandowa kawo, anayang'ana madzi amene anatunga, ndipo ndinaona kuti mtima ukuwawawa, koma anawabwezera mmenemo okha. Ine ndinakatunga ena n'kudzaza mpaka pamzere.

"M'nyumba muno anthu ake ndi osamva," anatero. "A Nambewe akhoza kutungapo ochapira. Pafunika munthu wolondera."

Anakoka kampando n'kukhala pakhomo pa bafa. A Gidiyoni atadzuka n'kufuna kusuzumira, anawabweza ndi dzanja ngati mwana. Amayi awiri a chigwirizano amene anabwera masana kudzamva za nyumba yakumwa madzi anawapeza ali pomwepo, ndipo amayi anga anawalowetsa kuchipinda mmodzimmodzi, kuwagwiritsa khoma, kenako kuwaonetsa mzere wa khala. Ine sindinatuluke kukawalonjera. Ndinali kuseri ndikusankha matailosi amene sanasweke, ndipo amene ankafuna kundiona anayenera kubwera kumene ndinali, andipeze ndili mbuu.

Madzulo a tsiku limenelo kumwamba kunada ndipo mphepo ya mvula inayamba kunyamula mapesi pabwalo. Ndinalowa kukaona mzere. Madzi anali pomwepo, osatsika ngakhale ndi chikhadabo. Amayi anali akadali pakampando kawo, akusinza. Madontho oyamba atagunda malata anadzidzimuka, anayang'ana kudenga, kenako pansi, ngati munthu wofuna potchera mbale. Panalibe.

"Iwe," anandiitana, "thamanga ukatenge mphasa yanga isananyowe."

"Nanga mapoto aja?"

"Asiye konko."